Ndondocha ya Kuseri kwa Chigayo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, mtsikana wa Fomu 1 wa pakamwa posatseka, pamene msuweni wanga wa ku Lilongwe anandisiyira buku la zithunzi lothothoka chikuto. Chizungu chake sindinkachimva bwino, koma zithunzizo sizinkafuna womasulira. Tsamba lililonse linali ndi anthu akufa akuyenda m'misewu, khungu lotuwa, kukamwa kuli yasa, miyendo akuchita kukoka. Akaluma wamoyo, nayenso ankasanduka mnzawo, mpaka mzinda wonse unatha. Ine mumtima ndinangoti, kani ndondocha ziliko ndi kwa azungu komwe.

Kwathu, kumtunda kwa Mponela, nkhani za ndondocha tinakula nazo. Amati munthu wofuna kulemera amapha m'bale wake m'matsenga, kumudula lilime, n'kumamugwiritsa ntchito mobisa. Wolemera wathu anali mmodzi yekha, a Kamwendo a chigayo. Buku lija linandipatsa maso ena, moti ndinayamba kukayikira chilichonse. Bwanji chigayo chawo sichiwonongeka ngati zinzake? Mpanda wa malata wautali chotere kuseri kuja ukubisa chiyani? Nanga mbale ya chakudya imene mayi Kamwendo amalowa nayo kumeneko masana, ana onse ali kusukulu, ndi ya yani?

Loweruka lina, ndikudikira mgaiwa wathu, ndinazembera kuseri n'kusuzumira pa mpata wa malata. Ndinaona bambo wina atakhala pampando, ali mbuu ndi fumbi la ufa, dovu likutsikira pachibwano. Anayesa kudzuka, mwendo umodzi ukukhwekhwereza, n'kutulutsa mawu osamveka ngati munthu wopanda lilime. Ndinaliyatsa liwiro, ufa n'kuusiya komweko.

Ndikanadziwa ndikanatseka pakamwa pangapa. Lolemba pa mjigo ndinatsegula bukulo, chala pachithunzi. "Ndamuona ndi maso angawa, ndendende uyu." Pofika Lachinayi anthu anali atayamba kusenza chimanga kupita ku chigayo chakutali, ndipo anyamata ena ankanong'onezana za petulo ndi machesi. Ine ndinkayenda monyada, ati ndapulumutsa mudzi.

Mayi anga atamva kuti gwero la nkhaniyi ndi ine, sanandikalipire. Anandisenzetsa dengu la chimanga n'kunditsogoza ku chigayo, dzuwa lili paliwombo, anthu akuonerera. Tsikulo kunalibe mzere. Mayi anapempha a Kamwendo kuti atitsegulire kuseri. Bambowo anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali psuu, kenako anatsegula.

Mayi atangomuona munthu uja anagwada pansi. "Aphunzitsi, kodi ndinu?"

Anali mkulu wawo wa a Kamwendo, amene anaphunzitsa mayi anga Sitandade 5 asanasamutsidwire ku Kasungu. Matenda a sitiroko anawapha mbali imodzi ndi kuwalanda mawu. Mng'ono wawoyo anakawatenga mwakachetechete, poopa kuti anthu anena kuti wawakhwimira. Ankawakhazika kuseri kuja chifukwa m'nyumba ankasungulumwa.

"Apatse moni," anatero mayi.

Ndinapereka dzanja. Dzanja lawo linali lofunda. Kenako aphunzitsiwo anawerama movutikira, n'kulemba ndi chala cha kumanzere pa fumbi la ufa pansi paja. Linali dzina la mayi anga la kuutsikana, lolembedwa bwinobwino. Mayi analira. Ine manyazi anandigwira mpaka kusowa poyang'ana.

Ndinabwerera pa mjigo kukanena zoona, kawiri, katatu. Anangondiseka. "Akudyetsa chiyani a Kamwendo kuti usinthe mawu?" anatero mayi wina. Sabata yotsatira miyala itagwa padenga la chigayo, aphunzitsi anawakweza pangolo kupita nawo kwa achibale ku mapiri a Ntchisi. Anamwalira kumeneko mvula isanagwe, kutali ndi mng'ono wawo amene ankawasambitsa. Chigayo sichinapse, koma mpaka lero ana amene nthawiyo anali asanabadwe n'komwe amachitchula kuti cha ndondocha.

Buku lija ndikadali nalo, ndipo ana anga ndimawalola kuwerenga, pakuti silinalakwe kanthu. Kale ndinkalitsegula ndikuopa akufa aja. Masiku ano ndikalitsegula ndimafunafuna amene analuma mnzake poyamba, chifukwa wa kwathu ndikumudziwa. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ataima pa mjigo ndi chidebe chake.