Timayeso Tanu Atisandutsa Bodza, Achemwali

Achemwali, lero chakwana chaka chikuikireni m'manda ku Mua, koma m'malo molira ndanyansidwa. M'mawa, ku ofesi kuja tinkagwira ntchito limodzi, ndinatsegula pulogalamu ya pakompyuta munalemba ija, yokumbutsa amayi tsiku la katemera wa ana awo. Kampani imene inatenga ntchito yanu yasintha timayeso tonse munaikamo toona ngati pulogalamuyo ikupereka tsiku lolondola. Inu munkayerekeza tsiku lotuluka ndi tsiku loyenera. Iwo akuyerekeza tsiku lotulukalo ndi lomwelo. Nanga chinthu chingasiyane ndi icho chomwe? Timayeso tonse tikungoonetsa mtundu wobiriwira, kusonyeza kuti zili bwino, mabwana athu akuwomba m'manja. Nditamuimbira mkulu wa kampaniyo, anangoseka: "Bola zikudutsa, bambo." Zonyansa!

Ndakumbuka masana aja pa Golomoti tikudikira minibasi, laputopu ili pamiyendo panu. Kamayeso kamodzi kanafiira, kusonyeza cholakwika, chifukwa pulogalamu inasinthanitsa tsiku ndi mwezi. Ine ndinati, "Manambala ake ndi omwewo, tiyeni, minibasi ikudzaza." Munandiyang'ana ndi diso lofiira. "Omwewo? Mayi abereke mwana kuchokera kumudzi mpaka kuchipatala mwezi wolakwika, iwe uziti ndi omwewo?" Minibasi inatisiya, tinapsa ndi dzuwa mpaka munakonza. Madzulo ano ndabwezeretsa timayeso tanu momwe munatisiyira, ndipo tambiri tafiira. Ndajambula, ndatumiza kwa akuluakulu onse. Wofuna kundichotsa ntchito mawa andichotse, koma mwana wa munthu asaphonye katemera ine ndikuona. Gonani mumtendere, achemwali anga.