Phulusa pa Chimbale cha Ukwati

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Fomu 1, pamene ndinawachotsera ulemu bambo anga. Mpaka lero nkhaniyi ikandibwerera m'mutu ndimasowa poyang'ana, ngakhale ndili ndekha m'chipinda.

Tinkakhala ku Area 47, koma musaganize kuti tinali anthu opeza bwino. Nyumba yathu inali ya antchito, ya zipinda ziwiri, kuseri kwa nyumba ya a Mhango, bwana wa ku Rumphi amene ankagwira ntchito m'boma. Bambo anga, a Mbewe, anali wosamalira panja. Ankatchetcha kapinga, kuthirira maluwa ndi kutsegula geti. Anali atagwirapo zaka khumi ndi zinayi osaswa ngakhale tambula imodzi, ndipo bwana ankawasiyira makiyi a nyumba yonse akamapita kumudzi. Sukulu analekezera Sitandade 3 kwathu ku Mitundu. Choncho ine nditasankhidwa kupita ku sekondale, aliyense wodutsa pa geti ankauzidwa, afune asafune.

Chaka chimenecho Tawonga, mwana wamkazi wa a Mhango, anakwatiwa ku Ulaya. Makolo ake sanapiteko chifukwa mapepala a ulendo anachedwa kutuluka. Patapita miyezi iwiri kunabwera kaphukusi, m'kati mwake muli chimbale cha kanema wa ukwatiwo, m'kabokosi kabuluu. Mayi Mhango anavina m'khitchini. Anaitana achibale ndi anzawo a kwaya, mpaka azakhali ake a Tawonga ananyamuka ku Rumphi pa basi, kuti onse adzaonere limodzi Loweruka masana.

Lachisanu m'mawa, sukulu tili pa tchuthi, bwana anati ayeserete. Makina a DVD a pabalaza anachilavula chimbalecho. Anatenga laputopu ya ku ofesi, nayonso inakana. Bambo anali kulowetsa mipando ya alendo, ndipo ataona bwana akukanda m'mutu, anaika mpando pansi.

"Bwana, mwana wanga Tiyamike amazidziwa zimenezi. Kusukulu kwawo ndi katswiri wa makompyuta."

Katswiri wa kuti! Kusukulu kwathu kompyuta imodzi tinkaiunjirira anthu khumi, ndipo chimene ndinkadziwa ine kunali kuyatsa, kulemba dzina langa ndi kuzimitsa. Koma ndikabwera kunyumba ndinkawakokomezera bambo, iwo n'kumangogwedeza mutu mokondwa. Tsiku limenelo bodza langa linandipeza.

Ndinavula patapata pakhomo n'kulowa pabalaza ponunkha polishi. Ndinakhala pa kapeti, laputopu ili pa katebulo. Ndinatsegula kathireyi ka m'mbali, kuikamo chimbale, kukankha. Chinazungulira, fwiii, kenako khe, khe, basi zii. Ndinazimitsa laputopu n'kuyatsanso monga ankachitira aphunzitsi athu. Ndinauzira mpweya m'kathireyi muja. Ndinadina paliponse pamene pankaoneka kuti ndi podinika. Kenako ndinapempha chimbale china, ndipo anandipatsa DVD ya nyimbo za kwaya. Imeneyo inalira bwinobwino.

Apa ndiye pamene ndinayenera kunena kuti zandikanika. Koma nditacheuka ndinaona bambo ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, akumwetulira ngati munthu amene chimanga chake chabereka.

"Laputopu ilibe vuto, bwana," ndinatero. "Chimbalechi chada. Chikufunika kutsuka."

Bwana anayang'ana wotchi yawo, anandipatsa chimbale, nauza Mayi Mhango kuti laputopu aisiye pakhonde ndiziyesera. Iwo anathamangira ku ofesi.

Masiku amenewo aliyense ankadziwa kuti chimbale chikamadumphadumpha umachipaka mankhwala otsukira mano, kupukuta ndi kansalu, n'kutsukuluza. Anyamata ogulitsa mafilimu mumsika ankatero, ifenso tinkatero. Ndinachita zimenezo pa mpopi wa kuseri. Ndinayesa, chinakana. Ndinapakanso kachiwiri, chinakanabe. Pambali pa mpopi panali kachitini ka phulusa limene amayi anga ankakwechera mapoto. Ndinadziuza kuti ngati phulusa limawalitsa poto wakuda bii, nanga kachimbale aka kangavute chiyani? Ndinanyowetsa chala, kutapa phulusa, n'kuyamba kukwecha mozungulira, mwamphamvu ndithu, timchenga tikumveka kwekwe pansi pa chala.

Nditatsukuluza, ndinachitembenuza. Kunsi kwa chimbale, kumene poyamba ndinkadzionerapo nkhope, kunali mbuu, mizere yokhayokha. Nditadzutsa mutu ndinapeza bambo ataima ndi paipi yothiririra, akuyang'ana manja anga otuwa. Anatembenuka n'kupitiriza kuthirira maluwa. Madzulo ndinabweza chimbale chili m'kabokosi kake, n'kuuza bwana kuti chikukanabe, mwina chinawonongekera m'njira.

Loweruka m'mawa bwana anati tipite ku Area 2 kwa okonza makompyuta, ndipo ananditenga poti ndine katswiri. Kanali kashopu kopapatiza, kodzaza mawaya ndi fumbi. Mwini wake anali mayi wina wa magalasi, wosachedwa ndi malonje. Atangoona kabokosi kabuluu kaja anaseka.

"Achikulire, iyi si DVD. Ichi ndi chimbale cha bulurei, cha zithunzi zowala kwambiri zija. Laputopu yanuyi singachiwerenge ngakhale mutachiyesa mpaka mawa, chimafuna makina akeake. Ndili nawo, ndikubwerekani, muzikaonera masana omwe ano."

Bwana anapumira m'mwamba. Mayi uja analumikiza kabokosi kakuda ku laputopu, natulutsa chimbale m'kabokosi kabuluu kaja. Kumwetulira kwake kunathera pomwepo. Anachitembenuza pa kuwala kwa pawindo, nachiikabe m'makina. Pa sikirini panatuluka Tawonga atavala zoyera, akuseka, dzanja lili m'mwamba. Chithunzicho chinauma, chinasweka tizidutswa, kenako mdima.

"Chimbalechi chinalibe vuto lililonse," anatero mayiyo. "Wachikwecha chonchi ndani?"

Bwana anandiyang'ana. Ine, amene dzulo lake ndinalephera kuvomera kuti sindidziwa makompyuta, ndinayankha mosachita chibwibwi kuti sindikudziwa.

Tinafika kunyumba alendo atadzaza kale, fungo la nkhuku yokazinga lili ponseponse. Azakhali a ku Rumphi anali atakhala kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi kanema. Wongani, mwana wamwamuna wa a Mhango, nayenso anali atangofika kuchokera ku koleji. Bwana sanalowe m'nyumba. Anaima pakhonde n'kuitana ine ndi bambo, mawu ali pamwamba, mpaka alendo anatuluka kudzaona.

"Chimbale ichi chinali m'manja mwa mwana wanu. Ndiuzeni chachitika n'chiyani."

Ndisanatsegule pakamwa, bambo anagwada pa simenti. Munthu wamkulu, wa imvi, pamaso pa anthu onse aja.

"Ndine, bwana. Mwanayu anachiyanika pawindo kuti chiume. Ine ndinaona ngati sichinayere, ndiye ndinachikwecha ndi phulusa. Ndi umbuli, bwana, mundikhululukire."

Kenako Wongani anaphulika kuseka. "Phulusa? Ngati poto? Iii, a Phulusa inu!" Alendo ena anaseka nawo, ena anangogwira pakamwa. Mayi Mhango analowa kuchipinda akulira. Bwana anawauza bambo kuti adzuke, ndipo kuyambira tsiku limenelo asadzakhudzenso kanthu ka m'nyumba. Makiyi aja sanawasiyirenso. Ine ndinali chiimire pambali pa bambo, pakamwa pali potseka.

Titabwerera kuseri ndinadikira chikwapu, ndipo ndinkachilakalaka. Bambo anasamba m'manja, nakhala pa mpando wawo, nandiuza kuti ndisaiwale kuchapa yunifolomu poti Lolemba sukulu ikutsegulira. Za chimbale sanazitchulenso moyo wawo wonse.

Tawonga anatumiza chimbale china patapita miyezi, azakhali aja atabwerera kalekale, ndipo mkwiyo wa bwana unatha. Koma dzina lija silinathe. Alonda a nyumba zoyandikana anayamba kuwaitana a Phulusa. Ogulitsa makala nawonso, ana a mu msewu wathu nawonso. Bambo ankayankha, mwina n'kusekako. Ine ndikamva, ndinkalowa m'nyumba. Kangapo konse ndinakonza zopita kwa bwana kukaulula, koma ndinkati ndidikire ndimalize Fomu 4, kenako ndinati ndidikire ndiyambe ntchito. Ndinayambadi ntchito ku City Centre, ya makompyuta omwewo, n'kumadzinamiza kuti nkhani yakale palibe akuikumbukira.

Bambo anamwalira chaka chathachi, tinakawaika ku Mitundu. Wongani anabwera kudzaimira banja lawo, ndipo anayankhula bwino, mwachikondi, misozi ili m'maso. Anati a Phulusa anamulera ngati mwana wawo. Pofuna kupepusa anthu mitima, anafotokoza nkhani ya chimbale ija yonse, ndipo anthu a m'mudzi mwathu, amene anali asanaimvepo, anaseka. Ine ndinali pa mphasa pakati pa azimayi, mutu uli pansi. Ndinakhalanso chete, abale anga, kachiwiri.

Kale ndinkaganiza kuti cholakwa changa chinali kusadziwa kusiyana kwa DVD ndi bulurei. Ayi ndithu, ngakhale bwana sankadziwa. Cholakwa changa chinali kulola munthu amene analibe chuma china koma kukhulupirika kwake kuti atchedwe mbuli, kuti ine ndizitchedwabe wophunzira. Iwo anasankha kutero chifukwa chondikonda, koma ine ndinali ndi zaka zambirimbiri zoti ndiwabwezere ulemu wawo akadali moyo, ndipo sindinatero. Tsopano sangamve. Ndiye ndikuuzani inu amene mukuwerenga, makamaka inu a ku Area 47 amene munkawadziwa: dzina lawo linali Lufeyo Mbewe, ndipo chimbale chija ndinakwecha ndine.