Khadi Yonunkha Utsi wa Nandolo

Chaka chimene ndinaphunzira kudula angelo, nkhondo ya Azungu inali itatha, asilikali atabwerera m'midzi, koma amuna anga, amene sanagwireko n'komwe mfuti, anali asanabwere. Anapita ku Halale kukagwira ntchito m'minda ya fodya atandisiya ndi pakati. Mwana anabadwa, anakwawa, anayenda, mpaka kuyamba kuthamangitsa nkhuku za anthu, bambo ake osamuona. Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi, tsono mwini nkhani za banja langa anali amalume, ndipo ananena mosabisa kuti chimanga cha chaka chimenecho chikalowa m'nkhokwe mkamwini asanaoneke, ukwati watha. Panali kale bambo wina wa ku Milepa, wa njinga yabelu, amene ankawapatsa amalume moni wautali wosatha. Ine ndinkafuna anga omwewo, a makutu aakulu, aulesi pa kalata.

Nthawi imeneyo ndinkachapa nsalu za odwala pa chipatala cha mishoni, pamodzi ndi msuweni wanga, mkazi woti ngakhale pamaliro umayenera kukhala naye patali kuopa kuseka. Mvula itayamba, zochapa sizinkauma, ndipo masana ena asisitere wachizungu amene ankatiyang'anira anatiitanira pakhonde. Anali wamfupi, ndipo Chinyanja chawo chinkatulukira m'mphuno. Anati tiwathandize kupanga makhadi a Khirisimasi oti atumize kwa abale awo ku Ulaya. Tinafunsa kuti m'makhadimo mulembedwa nkhani yanji, iwo anati mulibe nkhani, ndi moni chabe. Msuweni wanga anandinong'oneza kuti anthu amenewa ali ndi mapepala ambiri kuposa mavuto, ndipo kuseka kunayambira pomwepo.

Asisitere anatenga pepala, nalipinda uku ndi uku kambirimbiri, nalidula ndi sizasi pang'ono chabe. Atalikoka, panatuluka angelo mzere wathunthu atagwirana manja. Tinakuwa ngati taona njoka. Ine ndinatenga pepalalo n'kulitembenuza kufuna kuona pomwe alumikiza, koma panalibe. Titayesa ife, zinali zina. Anga anatuluka atagwirana mitu m'malo mwa manja. A msuweni wanga anagwera pamiyendo mmodzimmodzi, opanda makosi, ndipo mayi wina wophika phala la odwala anatulutsa achule enieni. Tinaseka mpaka kugona pansi, mpaka odwala kuwodi anatuma munthu kudzafunsa kuti pakhondepo akugawa chiyani.

Mapepala amitundu kunalibe, choncho tinkatola chilichonse. Thambo tinkadula pa pepala labuluu lomwe ankakulungira thonje la zilonda. Nyenyezi zinkachokera pa kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, komwe tinkapempha kusitolo ya Mmwenye ku Namadzi. Denga la khola linali makungwa ouma a nthochi, ndipo mkanjo wa Amayi Maria tinkaupaka bulu wochapira zovala. Zomatira tinkaphika tokha, kaphala ka ufa wa chinangwa, ndipo theka lake linkathera m'kamwa mwathu asisitere akangotembenuka. Masabata amenewo ndinkadzuka ndili ndi chimwemwe ngati mtsikana, zala zili gwaa ndi phala louma, ndikuona angelo pa chilichonse chopindika.

Kenako anatiphunzitsa chinthu chimene chinandizunguza mutu. Ukadula timizere tiwiri pamsana pa khadi n'kukankhira mkati, chilichonse chimene wamata pamenepo chimaimirira munthu akatsegula. Ndinatsegula n'kutseka, kutsegula n'kutseka, khola likudzuka n'kugona, ndipo maganizo anandifikira. Ine sindinkatha kulemba zoposa dzina langa, ndipo makalata olembetsa kwa aphunzitsi ankatuluka ouma, odzaza ndi moni wa anthu onse a m'mudzi. Koma ichi ndikanatha kuchipanga ndi manja anga. Panalinso mwayi, chifukwa bambo wina wa ku Kadewere amene ankagwira ntchito pa famu imodzi ndi amuna anga anali atabwera kudzaika maliro a mayi ake, ndipo ankabwerera Khirisimasi isanafike.

Ndinapempha pepala lolimba kwa asisitere. Atafunsa kuti ndi la yani, ndinayang'ana pansi, msuweni wanga n'kuyankha m'malo mwanga potambasula makutu ake ndi zala. Asisitere anandipatsa awiri.

Khadiyo ndinakaipangira kunyumba tsiku la Mulungu titaweruka ku Misa. Kumbuyo ndinaika thambo, nyenyezi, ndi angelo anga amene tsopano ankagwirana malo oyenera. Koma pamalo oimirira paja sindinaikepo khola. Ndinagwira dzanja la mwana wanga, ndinaliika papepala loyera, n'kulizungulira ndi khala. Mwanayo anaganiza kuti ndi katemera, analira mudzi wonse kumva, ndipo amayi anga anachita kumupana ndi mawondo. Ndinadula kadzanjako mosamala, chala chilichonse, n'kukamata kuti bambo ake akatsegula kadzuke kawapatse moni. Poopa kuti kangamatuke m'sitima, ndinathira phala lochuluka, khadi yonse n'kunyoweratu.

Mvula sinaleke. M'mawa mwake khadi inali idakali yonyowa, ndipo ndinaisiya pa lichero n'kuuza amayi kuti nkhuku zisaiyandikire. Sabata imeneyo kuchipatala kunadzaza odwala malungo, moti ife ochapa tinkagona komweko. Ndinabwerera kumudzi m'mawa wa tsiku lomwe bambo wa ku Kadewere ankadutsa kupita ku Namadzi kukakwera lole ya ku Limbe. Bambowo ndinawapeza atakhala kale pakhomo pathu pansi pa mtengo wa mango, akuyang'ana mitambo.

"Amayi, khadi ija ili kuti?"

"Yauma bwino, mwanawe. Ngakhale anankafumbwe sangaiyandikire."

Ndinadziwiratu kuti zavuta. Amayi anga, amene anabwera ali kamwana kuchokera kwa Apwitikizi, ankadziwa njira imodzi yokha youmitsira chinthu m'dzinja. Analowa m'khitchini, nafikira pa nsanja pamwamba pa moto, pomwe ankasungira chimanga cha mbewu ndi bowa, n'kutsitsa khadi yanga. Inali itakhala pamenepo sabata yonse, pansi pake pakufuka mitengo yonyowa ya nandolo, nkhuni zathu za masiku onse.

Thambo linali lakuda. Nyenyezi inali itazima. Angelo anali atapindika n'kufiira ngati matemba, ndipo mmodzi anali ndi dontho la mwaye pankhope. Nditatsegula, kadzanja kanadzukadi, koma kali bii. Amayi anakayang'ana n'kunena kuti tsopano kafanana ndi dzanja la mdzukulu wawo, chifukwa poyamba kanali ngati ka mwana wosowa magazi. Ine ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, chifukwa ndinaona ukwati wanga utapsa pamodzi ndi angelowo. Msuweni wanga, amene anandiperekeza, anayesetsa ndithu kudzigwira. Analuma nsalu, anayang'ana kudenga, kenako anaphulika, ndipo ine ndinapezeka ndikuseka misozi ili mbwembwembwe. Nthawi yopanga ina panalibe. Ndinaikulunga m'kansalu n'kupatsa bambo aja, ndipo ndinawapempha kuti asaitsegule panjira.

Khirisimasi inafika, tinaimba, tinadya mpunga, Chaka Chatsopano chinadutsa. Chimanga chinamasula, chinabereka, ndipo belu la njinga ya ku Milepa linayamba kulira pafupipafupi kwa amalume. Ndinaleka kuseka za khadi ija. Ndinkaopa kuti amuna anga anaiona ngati chipongwe, kapena ngati mankhwala.

Tsiku lina masana ndikuthyola nkhwani kumunda, ndinaona munthu akutsika kanjira ka kuphiri atasenza sutikesi. Nkhope sinkaoneka, koma pansi pa chipewa panali makutu. Ndinataya dengu n'kuthamanga. Pakati pa njira ndinakumbukira kuti ndine mkazi wokwiya, ndinaima, ndinamanga bwino nsalu, n'kuyamba kuyenda mwaulemu. Miyendo inakana, ndinathamanganso.

Nkhani anaifotokoza titakhala pakhonde, amayi akumvera kuseri kwa chitseko monga amachitira apongozi. Anati atatsegula khadi ku komboni, anzawo anaseka angelo okazingawo mpaka kugwira m'mimba. Kenako mkulu wina wa ku Mulanje anaitenga, naiika pamphuno, n'kungoti, "Nandolo." Kuseka kunatha. Khadi inayenda mphuno ndi mphuno, amuna akuluakulu atatseka maso, chifukwa kumeneko ankaphikira nkhuni zam'tchire ndipo utsi umenewu anali atauiwala. Amuna anga ankaisunga m'sutikesi, ndipo zovala zonse zinatenga fungo la khitchini ya kwathu. Anati anapirira miyezi iwiri, kenako analephera.

Kuseri kwa chitseko kunamveka chifuwa cha munthu wokhutira, ndipo mpaka imfa yawo amayi ankauza aliyense kuti mkamwini anamubweza ndi iwo. Amalume atafika anayang'ana mkamwini, anayang'ana chimanga chili chiimire m'munda, n'kupempha fodya wa ku Halale. Nkhani ya ku Milepa sinamvekenso.

Nthawi yonseyi mwana anali atabisala m'nsalu yanga, akusuzumira mlendo wa makutu ofanana ndi ake. Bambo ake anatulutsa khadi m'thumba la jekete, yothothoka m'mbali, naitsegula pang'onopang'ono. Kadzanja katadzuka, mwana anakazindikira, natuluka yekha kudzakagwira. Bambo ake anatenga dzanja la mwanayo n'kuliika pamwamba pa lapepala. Zala za mwana zinapitirira zapepala, zonse zisanu.

Anakhala akuyang'ana pamenepo nthawi yaitali, osakweza mutu.

"Ndachedwa, mayi a mwana," anatero.

"Mwafika," ndinawayankha, n'kupita kukasonkha moto.