Tsiku limene Ada anayatsa ndudu m'tchalitchi

Bambo anga, amene tonse tinkangowaitana kuti Ada, anali mkulu wa mpingo ku Bandawe, ndipo zaka zonse za ukulu wawowo ankasuta fodya mobisa. Kunena zoona, amene ankakhulupirira kuti nkhaniyi ndi yachinsinsi anali iwo okha. Akangotha kudya ankanyamuka, ati akukaona ngati anyani alowa m'munda wa chinangwa. Anyani akewo ankabwera katatu pa tsiku, osaphonya. Pobwerako ankakhala akutafuna tsamba la mandimu, jekete likununkha ngati chigafa. Ama, mayi anga, pochapa ankachotsa machesi m'thumba, akasita n'kuwabwezeramo.

Kuiwala kunayamba ine nditabwerera pakhomo, banja langa litatha. Tsiku lina Ada anapita ku Chintheche pa njinga, n'kubwerako wapansi, akulalata kuti dziko laipa, anthu akuba njinga masanasana. Tinakaipeza itatsamira pa golosale pomwe anaisiya. Kenako anayamba kundiitana ndi dzina la mlongo wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe.

Lamulungu lina kunali mgonero. Akulu a mpingo anakhala kutsogolo, atayang'ana kwa ife. Abusa ali mkati mwa pemphero lalitali, tonse titatsinzina, tinangomva kuti tswaa! Nditatsegula maso ndinaona Ada atapingasa miyendo, utsi ukutuluka m'mphuno mwaufulu. Anatembenukira kwa mkulu mnzawo amene anakhala naye pafupi, n'kumupatsira nduduyo.

Bamboyo anapukusa mutu, maso ali chitsinzinire.

"Mukukana lero?" anatero Ada mokweza. "Si inu munandipempha dzana kuseri kwa sukulu?"

Abusa anafika pa ameni mothamanga. Ama anayenda mpaka kutsogolo, anawalanda nduduyo, anaiponda ndi nsapato, n'kuwagwira dzanja ngati akutuluka nawo pa ukwati.

Sabata imeneyo kunamveka zambiri. Ena ankati ndi ziwanda, ena ankati munthu wawachita chipongwe chifukwa cha malire a munda. Ife tinapita nawo ku chipatala. Adokotala, mayi wodekha wolankhula Chichewa cha ku Lilongwe, anawafunsa tsiku ndi mwezi, Ada n'kuphonya zonse. Kenako analoza Ama.

"Nanga awa ndani?"

"Ndi mayi wabwino kwambiri," anatero Ada. "Amandiphikira."

"Fodya mumasuta?"

"Ine? Ndine mkulu wa mpingo!"

Ama anaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa kuti kusekako kunathera pati, kulira n'kuyambira pati. "Lembani kuti anayamba asanandikwatire," anatero.

Adokotala anatiuza kuti awa ndi matenda a ubongo, osati zamatsenga. Ine ndinkadziwa kuti fodya amawononga chifuwa basi. Iwo anati utsi umawononganso timitsempha topititsa magazi ku ubongo, ndipo osuta amagwidwa ndi matenda oiwalawa kawirikawiri kuposa osasuta. Sanalumbire kuti wachititsa ndi fodya yekha, poti ukalamba ndi kuthamanga kwa magazi zinalipo. Zomwe zapita sizibwerera, anatero, koma kusiya kungathandizebe.

Kuwasiyitsa kunali kosavuta mochititsa manyazi. Ada akayamba kupapasa m'matumba, Ama ankangoti, "Mukufuna chiyani? Paja munasiya chaka chatha."

"Zoona?"

"Eya. Tsiku limodzi lokha, basi."

Ada ankawongola msana. "Ndiye ndine mwamuna ndithu."

Ankamva nkhani imeneyi kangapo pa tsiku, ndipo nthawi iliyonse inkawasangalatsa ngati yatsopano.

Pofika chaka chawo chomaliza anali atatiiwala tonse, kungotsala nyimbo za m'Chitonga zimene ankaimba osaphonya ndime. Mchimwene wanga wamkulu anabwera kuchokera ku Joni kudzawaona. Ada anamulandira mwaulemu ngati mlendo wa boma, n'kumufunsa kuti kwawo ndi kuti. Mchimweneyo anapirira pang'ono, kenako anatuluka, n'kukayatsa ndudu pansi pa mtengo wa mango.

Ada anamutsatira pang'onopang'ono ndi ndodo yawo.

"Ada," anatero bambo angawo, kumuitana mwana wawo yemwe mwaulemu ngati bambo wachilendo, "pepani, sindikukudziwani, koma chimenecho chitayeni. Ine ndinasiya tsiku limodzi lokha."

Mchimwene wangayo, bambo wa ana anayi, anazimitsa nduduyo, anakhala pa muzu, n'kulira ngati wamenyedwa. Ada anamusisita paphewa, akundifunsa ine ndi maso kuti mlendoyu watani.

Anamwalira nyengo ya mvula itangoyamba. Mchimwene wanga akusutabe mpaka lero. Tikalankhula pa foni amati asiya Khirisimasi ikadutsa.