Makina Anga Anakana Chala cha Amayi

Ine ndinatulutsitsa amayi anga ondibala m'nyumba imene anakhalamo zaka zoposa makumi atatu, ndipo ndinachita zimenezi pofuna digiri. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, kuti inu owerenga musataye nthawi kundimvera chisoni kutsogoloku. Pali abambo awiri amene ndikangowakumbukira mtima wanga umachita kuwira, ndipo ndiwatchula zochita zawo mosabisa. Koma amene ndimakwiya naye kuposa awiriwo ndi mkazi amene akukulemberaniyu.

Ndinabadwira m'komboni ya pulazi lina la fodya kufupi ndi tauni ya Concession, kumpoto kwa Harare. Agogo anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito, ife tonse n'kubadwira konkuno. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, choncho amayi anandilera okha ndi ntchito yosankha fodya m'shedi. Pa ana onse a mzere wathu wa nyumba, ndine ndekha amene ndinafika ku koleji. Nditamaliza maphunziro a za makompyuta, kampani imene inatenga pulazi lathulo pamodzi ndi ena awiri inandilemba ntchito ku ofesi yake. Ankati ndine wa IT, koma kunena zoona ndinali wa chilichonse chokhala ndi nthambo. Pulinta ikatafuna pepala, aitaneni aja. Netiweki ikathawa, aitaneni aja. Foni ya akazi a abwana ikadzaza zithunzi, inenso. Ndinaona kuti ndikapanda kuwonjezera sukulu ndidzakalamba ndikukwawa pansi pa madesiki a anthu, ndiye ndinalembetsa digiri yachiwiri, ija ya masitazi, ku yunivesite ina ku Harare. Mkati mwa sabata ntchito, Loweruka ndi Lamlungu kombi, minibasi ya ku tauni, kwa zaka ziwiri zathunthu.

Chaka chomaliza munthu amayenera kuchita kafukufuku wake n'kulemba buku. Ine mutu wa kafukufuku sindinaufune patali. Abwana athu, manijala wamkulu wa mapulazi onse atatu, ankadandaula kuti mafolomani amachonga m'kaundula abale awo amene sanabwere n'komwe ku ntchito. Ndinawauza kuti ndikhoza kuika makina odinda chala pakhomo la shedi iliyonse n'kulemba pulogalamu yake, kuti munthu akafika m'mawa aziika chala, kompyuta ya ku ofesi izidziwa kuti wabwera. Anavomera msanga. Anasainanso kalata yondilola kugwiritsa ntchito zimenezi pa kafukufuku wanga, bola buku likatha ndiwapatseko lawo. Sabata imeneyo ndinkayenda modzimva, mwana wa m'komboni wasanduka wopanga makina.

Inu owerenga, ngati munagwirapo dzanja la munthu amene wasankha fodya moyo wake wonse, mukudziwa mmene limakhalira. Phula la fodya, feteleza, sopo ndi madzi ozizira zimadya khungu mpaka timizere ta kunsonga kwa zala timafufutika. Achinyamata makina ankawalandira nthawi yomweyo, kanyali kobiriwira n'kuyaka. Azimayi akuluakulu a m'shedi ankayesa chala chachikulu, chamkombaphala, dzanja lamanzere, ena mpaka kunyambita chala, koma kanyali kofiira basi. Ndiye tinasiya kabuku kwa kalaliki wa pashedi iliyonse kuti amene makina amukana azimulemba pamanja. Amayi anga ankalembedwa m'kabuku kameneko tsiku lililonse. Ankandiseka pafoni kuti mwana wanga wachitsuloyu ndi wopanda mwambo, sadziwa ngakhale agogo ake.

Nditapita ndi zotsatira kwa aphunzitsi ondiyang'anira, ndinawapeza ali pa changu monga mwa masiku onse. Anali ndi ophunzira ambiri moti dzina langa ankachita kuliyang'ana pachikuto. Lamulo la yunivesite limati mayina a anthu a m'kafukufuku azibisidwa, choncho pa laputopu panga panali manambala okhaokha. Analoza mizere ya anthu okanidwa aja n'kunena kuti izi ndi zinyalala, zikuipitsa ntchito yabwino, ndikazisese, apo ayi oyesa mayeso andibweza chaka china. Anati aliyense amatero. Chaka china! Ine ndinali nditatheratu, ndikugona m'kombi, ndikulemba mitu ya buku nthawi ya nkhomaliro anzanga akudya. Lolemba lotsatira, ndili pa desiki yanga ku ofesi, ndinasankha mizere ija n'kudina batani lofufuta.

Sindikunamizani kuti sindinkadziwa. Nambala ya amayi ndinkaidziwa pamtima, popeza ndine ndinaipereka. Ndinadziuza kuti ili ndi buku la kusukulu chabe, likakhala pa shelefu kudikira fumbi, palibe amene adzalitsegule. M'bukumo ndinalemba kuti makina anga amazindikira wantchito aliyense, ndipo kulemba anthu pamanja n'kosafunikanso. Aphunzitsi anasangalala. Ndinasindikiza mabuku, limodzi n'kukasiya pa tebulo la abwana monga tinapanganira, kenako ndinatenga tchuthi cha masabata atatu kukonzekera kukaima pamaso pa oyesa mayeso.

Abwana anawerenga tsamba loyamba lokha, ndipo linawakwanira. Ine ndili ku tchuthi, anatolera timabuku tija m'mashedi onse. Analengeza kuti amene makina sanamuone ndiye kuti sanabwere, ndipo wojomba masiku ambiri otsatizana wasiya yekha ntchito. Amene munakulira m'komboni mukudziwa tanthauzo lake. Nyumba ndi ya wogwira ntchito, ntchito ikatha nyumbanso yatha.

Amayi anandiimbira. "Mwanangu, kabuku kaja atenga. Ife tikugwira basa ngati mizukwa, aliyense akutiona koma akuti sitinabwere. Foromani akuti funsani mwana wanu, ndiye mukuru mazuva ano, ndiye bwana masiku ano." Ndinawayankha mwachidule kuti ndatanganidwa ndi mayeso, ndikonza ndikabwera. Iwo anati chabwino, ndiwerenge bwino. Patapita masiku anaimbanso, ulendo uno mawu ali pansi, kundiuza kuti iwo ndi anzawo alandira mapepala oti atuluke m'nyumba pakatha mwezi.

Ndinathamangira ku ofesi. Abwana anandilandira ngati mlendo wolemekezeka, kundipatsa mpando, kundifunsa za sukulu. Nditawafotokozera kuti azimayi aja amabwera ku ntchito koma makina ndiwo amawakana, anatulutsa buku langa m'kabati, natsegula tsamba lija, n'kundiuza kuti ndiwerenge mokweza. Ndinawerenga mawu anga omwe. Ndiye anati, "Tinene kuti unanama? Ngati unanama, lemba apa usaine, kabuku kabwerera mawa lomwe. Koma kalata yakoyo ndiitumizanso ku yunivesite, chifukwa m'bukumu muli dzina la kampani." Anandikankhira pepala ndi cholembera.

Apa ndiye pamene ndikufuna mumvetsetse, inu owerenga, chifukwa kufufuta mizere kuja ndikhoza kunamizira kutopa, koma apa ndilibe chonamizira. Pepala linali patsogolo panga. Mizere itatu ikanakwana kuti amayi ndi anzawo akhalebe m'nyumba zawo. Ine ndinayamba masamu: notisi ndi ya mwezi, mayeso atsala masiku asanu ndi anayi, ndiye ndikhoze kaye, ndibwere ndidzakonze zonse. Ndinadziona wochenjera kwambiri. Ndinaimirira, kuwathokoza abwana, n'kutuluka cholembera chija osachikhudza. Amayi ndinawauza kuti nkhani ili m'manja mwanga, asadandaule.

Tsiku la mayeso linafika, m'mwezi wa June. Ndinaima pamaso pa anthu anayi, kufotokoza makina anga ngati m'busa pa guwa. Anandiyamikira, wina mpaka anati ntchito yotereyi iyenera kugulitsidwa ku mapulazi ena. Nditatuluka n'kuyatsa foni, ndinapeza amayi aang'ono a ku Shamva andiimbira kambirimbiri. Kampani sinadikire mwezi uja. Antchito atsopano a ku nazale anali atafika ndipo ankafuna pogona. M'mawa womwewo, nthawi imene ine ndinkaomberedwa m'manja ku Harare, thirakitala inanyamula katundu wa amayi ndi wa anzawo n'kukamutsitsa m'mbali mwa msewu wa tala.

Ndinafika chakumadzulo, mphepo ya June ikulowa m'mafupa. Amayi anali atakhala pa matiresi okulunga, nkhuku zawo zili m'dengu, mapoto ali m'chitenje. Azimayi amene anandiona ndikukula sanayankhe moni wanga. Mmodzi yekha, mayi wa ku Tete amene ankandibereka kumbuyo amayi akakhala ku shedi, anandiyang'ana kuchokera ku nsapato mpaka kumutu n'kunena kuti, "Makorokoto, tikukuyamikira, tamva kuti wapasa mayeso." Chikhala anandimenya mbama ndikanapirira. Amayi anangofunsa ngati ndadya.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya abwana osagogoda, ndikulalata kuti buku lija ndi labodza, makina amakana anthu. Anaseka. Anati iwo ankadziwa kuyambira sabata yoyamba, makalaliki ankawauza. Azimayi aja ankafuna kuwachotsa kalekale chifukwa akalamba, achepa mphamvu, amadwaladwala, koma lamulo sililola kungothamangitsa munthu amene wagwira ntchito zaka zonsezo. Buku langa ndilo linawapatsa choonetsa kwa aliyense wofunsa. Tangoganizani, munthu wamkulu ndi ndevu zake kugwiritsa ntchito mwana kutulutsa mayi wake, iye manja ali oyera! Mwezi wotsatira timabuku tija tinabwerera mwakachetechete, chifukwa pa antchito atsopanowo panalinso ena amene makina ankawakana. Koma azimayi aja, akuti anasiya okha ntchito.

Aphunzitsi aja nditawafotokozera, anandiyang'ana ngati ndawanamizira ufiti. Anati iwo sanandiuzepo kuti ndiname, anangoti ndisese. Ndisanatuluke n'komwe anandifunsa ngati tingatenge mutu umodzi wa bukulo n'kuusindikiza m'magazini ya akatswiri, dzina lawo likhale poyamba. Ndinatola chikwama changa n'kutuluka.

Mwina mukuganiza kuti pamenepa ndiye ndinalimba mtima. Ayi ndithu. Ndinati ndidikire kaye zotsatira zituluke. Zitatuluka ndinati ndidikire mwambo wovala mkanjo. Ntchito ija ndinaisiya, inde, koma kalata yonena zoona ndinailembera a ofesi yoona za antchito patatha miyezi isanu, satifiketi ili kale m'sutikesi. Nthawi imeneyo azimayi ena anali atabalalika, wina kwa mwana wake ku Macheke, wina sitikudziwa n'komwe kumene analowera, ndipo nkhaniyo inangoima pomwepo. Ku yunivesite sindinalembeko mpaka lero, ndipo chifukwa chake ndi mantha basi.

Amayi amakhala ku Shamva, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya amayi aang'ono. Ku mwambo wa digiri anabwera atavala chitenje chatsopano, ndipo dzina langa litatchulidwa nthungululu yawo inaposa za onse m'holo muja. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Nditawaperekeza ku Shamva ndinagwada n'kuwauza zonse, za mizere ija, za pepala ndi cholembera, za masiku asanu ndi anayi. Anamvetsera osandidula. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndinkafuna atatero.

Iwo anati, "Nyumba ija siikundipweteka, mwanangu, inkadontha. Koma kumanda a papulazi paja amaika okhawo okhala pomwepo. Bambo ako ali pamenepo, achimwene ako awiri ali pamenepo, ndipo malo anga ndinasiya pambali pawo. Iwe poti umadziwa kulemba zinthu zimene mabwana amamvera, undilembere kuti tsiku langa likadzafika adzandilole."

Inu amene mukuphunzira uku mukugwira ntchito, kutopa kwanu ndikukudziwa, ndipo ndikudziwa mmene mtima umafunira kungomaliza basi. Koma wina akakuuzani kuti sesani apa kuti zioneke bwino, muyambe mwafunsa kuti amene mukumusesayo ndani, ndipo agona kuti. Musadzinamize kuti buku la kusukulu silivulaza munthu, chifukwa pali mabwana amene akungodikira pepala lokhala ndi siginecha ya munthu wophunzira. Ngati zotsatira zanu ndi zoipa, lembani kuti ndi zoipa. Akakubwezani chaka, bwerezani, chaka chimatha. Ndipo tsiku limene adzakuikireni pepala ndi cholembera kuti munene zoona, lembani pomwepo, musayambe kuwerenga masiku ngati ine.

Kalata yopempha malo a manda ndailemba katatu tsopano, m'Chingerezi chabwino cha munthu wa masitazi. Amayi chaka chino akutsokomola kwambiri, ndipo abwana aja sanayankhebe.