Kufunsa Kawiri za Kupsa Mtima

Ntchito ija ndinailandira chifukwa panalibe ina. Kuboma kunabwera anthu ndi mafunso oyezera kupsa mtima. Anati anawalemba m'Chingerezi, akuwayesa m'zilankhulo zambiri, ndipo tsopano inali nthawi ya Chichewa. Tinakhala mu ofesi yotentha tikukangana ngati tilembe kukwiya, kunyansidwa kapena kupsa mtima, mpaka ife eniake mitima inapsa. Kenako anatigawira midzi. Ine anandipatsa Mwadzama.

Malamulo ake anali ouma. Pakhomo munthu mmodzi wosankhidwa mwa maere, mafunso uwerenge monga alembedwera, ndipo pakapita milungu ingapo ubwerere kwa munthu yemweyo ukafunsenso zomwezo. Mayankho akafanana, ndiye kuti mafunso athu ali bwino. Ndinkatsika minibasi pa Benga, n'kukwera kabaza, kwinako wapansi mumchenga. Posakhalitsa ndinatopa ndi mawu anga omwe.

Pakhomo pena maere anagwera bambo wina, msodzi wochokera kumpoto koma wokhalitsa kuno, munthu waulemu kwabasi. Anandipatsa mpando, iye n'kukhala pansi akusoka ukonde. Mkazi wake anali chapatali akupeta mpunga. Kodi mumakwiya msanga? Ayi. Kodi zinthu zing'onozing'ono zimakunyansani? Ayi, iye ndi munthu wopemphera. Kodi mukakwiya apakhomo panu amavutika? Anangoseka. Lichero linasiya kulira, kenako linayambanso.

Mlendo sachoka yekha, ndiye mayiyo anandiperekeza. Titafika m'minda ya chinangwa, komwe sitinkaonekanso, anafunsa ngati mapepalawo akapita kuboma kumabwera mankhwala, kapena munthu wodzalankhula ndi amuna awo. Ndinati ayi, tikungoyesa mafunso. Anati mwera ukawomba, mabwato osalowa panyanja, iye ndi ana amayenda monyang'ama m'nyumba mwawo momwe. Mbale ikangogwa, tsiku limenelo ndiye kulibe mtendere.

"Mukadzabweranso mudzandifunse ineyo," anatero. "Mayankho enieni ndili nawo ndine."

Ndinakauza otiyang'anira, mayi wachifundo ndithu koma wotopa ngati ine. Anati mafunso ofunsa apabanja ndi gawo lina, lobwera m'tsogolo. Komabe anandiuza komwe mkazi wa msodzi uja angakadandaule, ndi amene angakamuone akafika. Sindinalembe paliponse, kuopa kuti pepala lingagwe m'manja olakwika. Ndinangosunga kumutu, kudikira njira ija ya m'chinangwa, popeza pamaso pa mwamuna zoterezi sungaziyambe. Ndinafuna kupita msanga, koma tsiku lobwerera linali loikika, ndipo midzi ina inkandidikira.

Pobwerera ndinapeza mwera utavuta kwa masiku, mabwato ali pamtunda. Bamboyo anandilandira bwino, mpando womwe uja. Ndinawerenga mafunso anga monga alembedwera, maso ali kukhitchini. Ayi. Ayi. Ayi. Lichero linali litatsomekedwa padenga, ndipo panalibe mwana ndi mmodzi yemwe. Nditafunsa za amayi, anati apita kwawo, sakudziwa tsiku lobwera. Kaya anathawa, kaya anapirikitsidwa, kaya anapita ali bwanji, sindinadziwe. Oyandikana nawo anangoti iwo za m'nyumba ya eni sazidziwa. Ine ndinali mlendo, ndipo mlendo ndi mame.

Tsiku limenelo amene anandiperekeza ndi mwamunayo, atandinyamulira chikwama. Tinadutsa m'chinangwa muja akundifotokozera za kusowa kwa usipa, ine uthenga uja ndinasungira mkazi wake uli kumutu, wopanda womuuza. Zinandiwawa kwambiri, koma ndinalibe mphamvu ngakhale yokwiya. Pamsewu anandipatsa chikwama ndi manja awiri, n'kunena kuti ndiyende bwino.

Ku ofesi anasangalala. Mayankho a bamboyo anafanana onse, kuyambira loyamba mpaka lomaliza, ndipo anati mafunso athu akugwira ntchito.