Zelifa ndi Malikisi a Mwana wa Mkulu Wake

Amene amagula tomato kwa Kamwendo tsiku la msika amamudziwa Zelifa. Ndi mayi wamfupi, woderapo, amene amayala katundu wake chakumapeto kwa mzere, pafupi ndi pamene akabaza amaimika njinga. Kwawo ndi kwa Zulu. Iye ndi mwamuna wake Eneya amalima mtedza ndi soya, ndipo chilimwe chikafika amathirira dimba la tomato kudambo.

Ali mwana, Zelifa anali wanzeru kusukulu. Tsiku lotsekera, dzina lake ndilo linkayamba kutchulidwa chaka ndi chaka. Mkulu wake Esitere ankangobwereza makalasi, mpaka Zelifa anamupeza mu sitandade 5 n'kukhala naye desiki limodzi. Chaka chotsatira anamusiya momwemo, ndipo Esitere analeka sukulu n'kumatsata amayi awo kumunda. Zelifa anasankhidwa kupita kusekondale yoyendera, koma ali folomu 2 anatenga mimba ya Eneya. Sukulu inathera pomwepo.

Esitere anakwatiwa ndi Titus, dalaivala wa thiraki yodutsa pa boda ya Mchinji. Zelifa ndi Esitere anachira m'dzinja limodzi, onse ana aakazi. Wa Zelifa anamutcha Tiyanjane, wa Esitere Tadala. Nyumba zawo zinali zoyang'anana pamalo a amayi awo, moti anawo anakula ngati mapasa ndipo analowa sukulu limodzi.

Tsiku lotsekera chaka choyamba makolo anakhala pansi pa mitengo ya malaina, ana atandanda kutsogolo. Zelifa anavala chitenje chatsopano. Mumtima mwake analibe chikaiko. Mphunzitsi wa sitandade 1 atakweza pepala anati, "Nambala wani, Tadala."

Esitere anaimba nthungululu, nathamanga kukanyamula mwana wake. Zelifa anaomba nawo m'manja, makutu ali tcheru kudikira dzina lachiwiri. Silinali la Tiyanjane. Lachitatu silinali lake, lachisanu ayi. Dzina la mwana wake linadzamveka anthu atatopa kale ndi kuomba m'manja, ena atayamba kucheza nkhani zawo.

Pobwerera kumudzi Esitere anagwira mng'ono wake paphewa, akuseka ndi chimwemwe chosabisa.

"Mwanayu watengera iwe, Zelifa. Ine mutu wangawu ukuudziwa. Nzeru izi ndi zako."

"Wachita bwino, achemwali," anatero Zelifa.

Mawu a mkulu wakewo anali abwino, koma anamubaya ngati munga. Anaona ngati nzeru zake zinasokera khomo, zinadutsa pabwalo n'kukalowa m'nyumba ya munthu amene ankamulembera masamu pansi pa desiki.

Kuyambira pamenepo masana a Tiyanjane anasintha. Akaweruka n'kudya, amayi ake ankayala mkeka pakhonde, kope pakati, kanthambi ka bulugamu pambali. Tadala ankabwera kudzamutenga kuti akasewere fulaye, koma ankabwezedwa. Tiyanjane akalakwitsa chilembo, kanthambi kankatera pa zala. Chomwe chinkamupweteka kwambiri Zelifa chinali chakuti tsidya la bwalo kunalibe mkeka kapena kope. Tadala ankangosewera mpaka fumbi kumutu, koma teremu ikatha dzina lake linkayambabe kumveka.

Tsiku lina Eneya, akuchokera kudimba, anaima n'kuyang'ana mwana akulira pamkeka.

"Amake Tiyanjane, mwanayu ali sitandade 2. Mukufuna alembe mayeso a folomu 4?"

"Inu munalekera 6. Za sukulu zisiyireni ife."

Eneya anapachika kheni yake yothirira n'kulowa m'nyumba.

Anawo ali sitandade 3, Zelifa anaona chinthu chimene mtima wake unkachifuna. Ali pamsika, thiraki ya Titus inaima pamsewu, ndipo amene anatsika kutsogolo anali a Soko, mphunzitsi wa kalasi ya anawo, atanyamula kathumba. Sabata yomweyo Zelifa anapita kusukulu nthawi yopuma nawapeza a Soko akuchonga makope pawindo.

"Ndabwera kudzamva mmene mumaperekera malikisi, aphunzitsi. Mwana wanga kunyumba amakhoza zonse."

A Soko anamupatsa benchi. "Malikisi a masiku ano sachokera pa mayeso omaliza okha, mayi. Timaona ntchito ya m'kalasi teremu yonse, timamuwerengetsa mwana mokweza, timamufunsa mafunso. Tiyanjane akamalemba payekha amakhoza ndithu. Koma ndikamuimiritsa kuti awerenge, amayamba wayang'ana dzanja langa, kenako mawu amatha. Kodi kunyumba amamenyedwa?"

"Mwana ndi wanga."

"Ndi wanu, inde. Ndangoti mudziwe pamene akutayira malikisi."

Zelifa anaimirira n'kumanga chitenje. "Enafe tilibe thiraki yonyamulira aphunzitsi."

A Soko anamuyang'ana nthawi ndithu. "Tsiku lija kunali mvula ndipo ndinali ndi thumba la feteleza wa dimba langa. A Titus anandipeza panjira. Mwana wa mkulu wanu safuna thiraki kuti akhoze."

Nkhaniyi inayenda mpaka pamjigo. Esitere anaimva ndithu. Anapitiriza kutumiza Tadala ndi kambale ka ndiwo kwa amayi ake aang'ono monga mwa masiku onse.

Chaka chotsatira kunabwera ahedi atsopano, Mayi Kachilonda, ndipo anaitanitsa makolo. Anawapempha kuti ana asamajombe tsiku la msika, kuti nthawi yokumba mtedza asamawatsekere kumunda, ndiponso kuti kholo lizitsegula kope la mwana ngakhale silidziwa kuwerenga, chifukwa mwana akaona kuti wina akuyang'ana amasamala. Kenako anafika pa nkhani ya malikisi. Anati pa sukulu lipoti pamakhala manambala anayi. Folo ndiye kuti mwana wakhoza bwino kwambiri, fili wakhoza, thuu ali pakatikati, ndipo wani ndiye kuti akufunika thandizo.

Bambo wina wachikulire dzina lake Kefasi anaimika dzanja. "Pepani ahedi, mwati wani ndi chiyani? Mdzukulu wanga anabweretsa ma wani okhaokha, ine n'kumuphera tambala."

Anthu anaseka mpaka ena kupukuta misozi. Phokoso litatha, ahedi ananena chimene anaitanira msonkhano. Kuyambira teremu imeneyo sadzawerenganso pabwalo kuti uyu nambala wani, uyu womaliza. Ana ena ankathawa tsiku lotsekera chifukwa cha manyazi, ena osabweranso. Kholo lililonse lizidzalandira lipoti la mwana wake m'kalasi n'kukambirana ndi mphunzitsi.

Zelifa anaimirira. "Nanga tidziwa bwanji kuti wapambana mnzake ndani?"

"Mukufuna kudziwa ngati mwana wanu akutha kuwerenga, mayi, kapena mukufuna kudziwa za mwana wa eni?"

Ena anaseka chapansipansi, poti nkhani ya thiraki ankaidziwa. Zelifa anakhala pansi.

Teremu itatha, Tiyanjane anapeza ma folo awiri ndi ma fili. Eneya anakondwa namugulira sikono. Zelifa anangoyang'ana tsidya la bwalo. Anadikira tsiku limene Esitere anapita kuchigayo, naitana Tadala.

"Tabweretsa lipoti lako, mwana wanga, ndikuonere."

Tadala anathamanga mokondwa kukalitenga. Pambali pa manambala aja panali malikisi enieni a phunziro lililonse. Zelifa anaika mapepala awiriwo pamwendo n'kumayendetsa chala mzere ndi mzere. Ngakhale pamene onse anali ndi folo, Tadala anali pamwamba. Anali asanamalize pamene Esitere anatulukira ndi thumba la ufa pamutu.

Esitere anatula thumbalo, nalanda pepala la mwana wake, nauza ana onse awiri kuti akasewere kuseri.

"Ukufuna chiyani kwenikweni, Zelifa?"

"Ndimangoona, achemwali. N'kulakwa?"

"Za thiraki ndinazimva, ndinakhala chete. Ndiye tamvera. Ine ndinaima kumbuyo kwa bwalo lija zaka zonse zija, ndikukuombera m'manja. Abambo ankatenga lipoti lako kukaonetsa kutchalitchi, langa ankakulungira fodya. Unandipeza m'kalasi, anyamata n'kumandiitana agogo. Sindinakudepo. Ndinkati mng'ono wanga adzatitulutsa. Lero Mulungu wandipatsa kamwana kamodzi kondipukuta manyazi, iwe ukulephera kukaombera m'manja kochokera mumtima."

Zelifa anafuna kuyankha zambiri. Chimene chinatuluka chinali chakuti, "Ndiye musamanene kuti watengera ine."

"Chabwino. Sindidzanenanso."

Kambale ka ndiwo kanasiya kudutsa pabwalo. Abalewo ankapatsana moni wa anthu achilendo, ndipo anawo anaphunzira kudikirana kumsewu, kutali ndi maso a amayi awo.

Anawo atamaliza sitandade 5, Titus anapeza ntchito kwa mwini mathiraki wina wa ku Chipata, ndipo banja lonse linasamukira ku Zambia. Tsiku lopakira katundu Zelifa anathandiza kunyamula mipando, poti anthu akanamuseka akanakhala m'nyumba. Tiyanjane analira mpaka kutupa maso.

Teremu yotsatira Tiyanjane anapeza ma folo okhaokha. Mphunzitsi wa sitandade 6 anauza Zelifa kuti mwa atsikana onse panalibe womuposa. Zelifa anatuluka m'kalasimo osamva kukoma kulikonse. Atafika kunyumba Tiyanjane anaima pakhomo akudikira mawu.

"Wakhoza," anatero amayi ake. "Komatu Tadala kulibe."

Mwanayo anatenga lipoti lake n'kupita nalo kudimba kwa abambo ake.

Pa Khirisimasi Esitere anabwera ndi Tadala kudzaona amayi awo. Tadala anali atatalika, tsitsi loluka, akulankhula Chinyanja cha ku Chipata chosakaniza ndi Chingerezi. Zelifa anayang'ana nsapato zake, chikwama chake, namva chinthu chakale chija chikudzuka. Koma tsiku lachiwiri, abalewo akusenda mbatata kuseri kwa khitchini, Esitere anayamba yekha.

"Tadala sizikumuyendera uko. Kaphunzitsidwe n'kosiyana, anzake amamuseka kalankhulidwe. Masamu ndiye wagweratu. Bambo ake amakhalira pamsewu, ine ndikatsegula kope ndimangoona nyerere."

Mtima wa Zelifa unadumpha ndi chimwemwe chimene sakanachiulula kwa munthu. Anaweramira mbatata kuti nkhope isamugulitse.

"Ndimati umuonereko masiku ali kunowa," anapitiriza Esitere. "Wina woti ndimupemphe ndilibe."

Masana omwewo Tadala anabwera ndi buku lake. Zelifa anakhala naye pakhonde ndi mtima wofuna kuona kugwako ndi maso ake. Anali masamu ogawa magawo. Anatenga tomato mmodzi, namudula pakati, nadulanso, n'kumufunsa. Mwanayo anayankha, nafunsa funso lina limene Zelifa anali asanafikepo. Ankagwira chinthu chisanathe kunenedwa. Akalakwitsa ankaseka, n'kufufuta, n'kuyambiranso. Zelifa anapezeka akuseka naye. Mawu ake anafewa, anasendera pafupi, ndipo dzuwa linapendeka iye osazindikira. Chichokere kusekondale anali asanamvepo kukoma kotero.

Tiyanjane anali ataima pakona ya nyumba ndi ndowa m'manja. Anaonerera nthawi yaitali. Tadala atapita kukamwa madzi, anayandikira.

"Amayi, ine simunasekepo nane pa masamu."

"Iwe umakhoza kale. Mnzakoyu ndiye akuvutika."

"Ndikanakhala ine mukanandimenya."

Sanadikire yankho. Anasenza ndowa n'kulowera kumjigo. Tadala anamuthamangira akumuitana, koma Tiyanjane sanacheuke, ndipo masiku otsala a tchuthicho ankadya payekha. Pamene alendowo ankakwera minibasi kwa Kamwendo, Tiyanjane anati mutu ukumupweteka ndipo sanawaperekeze.

Tadala anabwerera ku Chipata n'kuyambanso kukhoza. Esitere amaimba foni kuthokoza, ndipo tchuthi chilichonse amamutumiza mwanayo kwa amayi ake aang'ono ndi mabuku. Zelifa amawayembekezera masiku amenewo kuposa mmene amavomerera. Nthawi zina nsanje imamubwererabe akamva kuti mwanayo walandira mphatso kusukulu, koma tsopano amatha kunena pamsika kuti masamuwo anamuphunzitsa ndi iyeyo.

Tiyanjane ali sitandade 8 chaka chino ndipo aphunzitsi akuti ali ndi mwayi wosankhidwa. Amawerengera kwa mnzake wa kutchalitchi, mudzi wina. Zelifa anayesapo kumuitana kuti akhale naye pakhonde, anamugulira ndi makope atsopano, koma mtsikanayo anayankha mwaulemu kuti zikomo, akutha yekha. Tadala akabwera, iye amapeza chifukwa chopitira kudimba. Msonkhano wa makolo ukaitanidwa amauza abambo ake, ndipo Eneya ndi amene amavala jekete lake n'kupita.